Tianyezi ta m'Beseni la Amayi Anu

Ntchisi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ana anga, za ubwana wanga n'zochepa ndipo mukuzidziwa kale. Ndiyambira tsiku limene lole ya matabwa inanditsitsa m'munsi mwa phiri ku Ntchisi, ndili ndi sutikesi yachitsulo, bulangete limodzi ndi jombo zobwereka. Ndinalembedwa ntchito yosamalira nazale ya mitengo ndi kulondera nkhalango. Amayi anu, a Nambewe, ananditsatira patapita miyezi ingapo, nditapatsidwa kanyumba ka chipinda chimodzi. M'mawa nkhungu inkalowa mpaka pakhonde, moti munthu ukatuluka unkangomva ng'ombe za kutsidya osaziona, ndipo mitengo inkaoneka ngati anthu amene aima chete kudikira wina.

Bwana wathu anali a Mvula, munthu wamtali wosachulutsa mawu, amene mphuno yawo inkamva utsi ife tisanauone. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku jombo zija, kenaka anati, "A Chisale, kuno mdani wathu ndi moto. Wodula mitengo amatopa n'kupita kwawo kukagona, koma moto ayi. Mukaona utsi, ngakhale muli pakati pa pemphero, nenani ameni muthamange." Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Kuyambira tsiku limenelo chaka changa chinali ndi zigawo ziwiri: nthawi ya mvula kubzala, nthawi ya chilimwe kulambula njira zotchinga moto ndi kugona khutu limodzi lili panja.

Zinthu zinkasowa. Machubu ofesera mbande ankachedwa kufika, ndiye amayi anu ankayenda m'nyumba za aphunzitsi kupempha mapepala otha a shuga, ife n'kumathiramo dothi. Njinga inali imodzi ya anthu onse. Chaka china jombo zinabwera zonse za saizi imodzi, yaikulu, ndipo tinkayenda m'phirimo titaphatikiramo udzu kuti zisavuke. A Mvula okha ndi amene zinawakwana, ndipo anthu ankanong'onezana kuti anayeza phazi lawo lokha potumiza. Ine sindikudziwa. Sindinawaonepo akudya chimene ife sitinadye.

Chilimwe chachiwiri moto wa osaka mbewa unatipulumuka n'kutentha mtsetse wonse wa udzu kumtunda kwa nazale. Tinalimbana nawo ndi nthambi zaziwisi mpaka nsidze zanga zinapserera. Patapita masiku, amayi anu akubwera ndi mbatata ndi thobwa, anaima pakati pa lupsa lija, pamalo pakuda bii, n'kundiitana ndi dzanja. Ndinaganiza kuti aona njoka. Nditafika ndinapeza maluwa. Analibe tsamba ngakhale limodzi. Kamtengo kobiriwira kankangotuluka m'phulusa, pamwamba pake timaluwa tofiira tooneka ngati timalipenga toweramira pansi. Anali ponseponse, mpaka kumene mtsetse unkakumana ndi thambo, ndipo mphepo ikadutsa onse ankagwedezeka pamodzi. Amayi anu anakhala pansi paphulusa pomwepo ndi chitenje chawo cha ku tchalitchi. Anati, "Taonani, wina wayatsa nyali masana." Tinafunsa anthu a m'midzi dzina lake, iwo anangoti ndi anyezi wa m'tchire, sadyedwa. Kunyumba kwathu tinkangoti nyali za pa lupsa.

Mvula itayandikira kunabwera lamulo loti mtsetse umenewo ubzalidwe paini. Tsiku loti tiyambe kukumba maenje, amayi anu anafika ndi beseni lakale lobooka pansi ndi kakhasu, n'kuyamba kufukula tianyezi tija pamodzi ndi dothi lake. A Mvula anawapeza ali chogwada.

"Mayi, ndiwo zavuta chonchi kunyumba? Amuna anuwa sakukupatsani ya matemba?"

"Ayi bwana, ndikusamutsa anthu anga. Mwawalanda malo."

A Mvula anayang'ana beseni lija nthawi yaitali. "Tengani msanga ndisanaone," anatero, n'kutembenuka.

Paini uja anakula bwino. Pansi pake panada mthunzi, masamba ake anayala mphasa yokhuthala, ndipo maluwa aja sindinawaonenso pamenepo. Sindiimba mlandu munthu. Mitengo imeneyo inatuluka madesiki a m'masukulu ndi mabokosi a anthu ambiri amene tinawaika bwino.

Mvera ndi kwina, zaka za m'ma 1990

Anandisamutsira ku nazale ina kufupi ndi Mvera, kenaka ku mapiri ena a ku Dowa, kenaka kubwereranso. Inu mukukumbukira malole amene tinkakwera, mbuzi itamangidwa pa mwendo wa tebulo. Mwina mukukumbukiranso kuti amayi anu sankalola kuti beseni lija liikidwe ndi katundu. Ankalifungatira pamiyendo ulendo wonse, ndipo iwe Tiyamike unalirapo tsiku lina kuti malo ako atengedwa ndi dothi.

Ku Mvera madzi anali kutali, mabwana ankasinthasintha, ndipo ena sindinawadziwe n'komwe nkhope chifukwa ankangotumiza uthenga. Mbande zinkauma m'machubu tikudikira lole yoti izinyamule. Anthu anayamba kulowa m'nkhalango ndi nkhwangwa masanasana, ndipo ambiri mwa iwo ndinkakhala nawo benchi imodzi Lamulungu. Zimenezo ndidzalemba pena. Apa ndingonena kuti moto wokha ndi umene sunasinthe. Chilimwe chilichonse ndinkathamangira utsi monga anandiphunzitsira a Mvula, ndipo ndinkanyadira kuti dera langa linkapsa pang'ono kuposa a anzanga.

Tianyezi tija tinali moyo. Mvula ikagwa tinkatulutsa masamba aatali opyapyala, chilimwe masambawo n'kuuma. Koma duwa ayi. Amayi anu anayesa manyowa a mbuzi, anayesa masamba a tiyi, anayesa pamthunzi, anayesa padzuwa. Ankatilankhula pothirira. Chaka china moto utafika kuseri kwa nyumba, chinthu choyamba chimene anatulutsa chinali beseni, kenaka inu, kenaka Baibulo, ndipo ndinawaseka nazo zaka zambiri. Mwezi wa Okutobala uliwonse, nyenje zikayamba kulira, ankapita kukasuzumira m'mawa asanasese, n'kubwerako kudzatenga tsache. Tsiku lina tikusenda chimanga anati, "Bambo a Tiyamike, mukadzapuma ntchito mudzatitulutse tianyezi tija m'beseni muja. Mwina tatopa ndi kusamuka ngati ine."

Chisepo, nditapuma ntchito

Tinagula malo ano kunja pang'ono kwa Chisepo, pamene nthaka imatsetserekera ku dambo. Amayi anu anakhalamo dzinja limodzi lokha m'nyumba ino. Titawaika m'manda, alendo onse atabalalika, ndinatenga beseni n'kupita nalo kuseri, pakati pa misuku iwiri, ndipo ndinabzala tianyezi tonse m'nthaka. Kenaka ndinasiya malowo kuti akhale monga mtsetse uja unalili. Sindinalimepo, sindinasesepo. Tsekera anamera yekha, mpoza unaphuka pachitsa, ndipo ndinaika phale la madzi pamwala. Chaka choyamba kunabwera apumbwa ndi timba. Kenaka agulugufe, njuchi, abuluzi, achule, abilimankhwe oyenda ngati akuganizira phazi lililonse. Chaka chachitatu ndinapeza kanungu atadzipinda pansi pa masamba. Madzulo dzuwa likapendeka, udzu wonse unkasanduka wagolide, ndipo ndinkakhala pa mpando wanga n'kumamvetsera tchire likupuma. Nthawi zina ndinkaiwala chaka chimene tili.

Anthu sanazimvetse. Kwathu kuno bwalo losasesa ndi chizindikiro cha nyumba imene yagwa. Loweruka lina amayi a kumpingo anafika ndi makasu ndi matsache, akuimba, kuti adzathandize bambo wamasiye amene chisoni chamufooketsa. Ndinawalandira, anasesa kumaso, anazira khonde, koma atalunjika kuseri ndinaima panjira n'kuwapempha kuti kumeneko akusiye. Mmodzi anati, "Abambo, malemu akanalola zimenezi?" Ndinati ndi iwo amene anapempha. Anayang'anana, n'kubweza makasu. Ndikudziwa kuti anandipempherera kwambiri sabata imeneyo, ndipo ndimawathokoza.

Woyandikana nane ndi a Makwinja. Anabwera kuchokera ku Phalombe ali mnyamata kudzakhala tenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Madisi, ndipo atatopa ndi kulimira ena anapeza malo kumtunda kwanga. Chigafa chawo cha fodya, chofolera ndi udzu, chili pafupi ndi malire athu. Iwo ndi amene sankandinyengerera, ndipo ankanditcha a Forositi chifukwa cha ntchito yanga yakale ya nkhalango.

"A Forositi, mwadzuka bwanji ndi ziweto zanu? Njoka mwazipatsa kale phala?"

"Zadya, a Makwinja. Zimafunsa za inu."

"Boma linakulandani nkhalango, ndiye mwati mupange yanu. Mikango ifika liti tisamuke?"

Iwe Tiyamike unkanenanso zomwezo pa foni, koma mwaulemu. Ine sindinkadandaula. Chimene chinkandidetsa nkhawa chinali china. Dzinja lililonse masamba a tianyezi ankachepa. Udzu wakale unkagwa n'kuunjikana, chaka pamwamba pa chaka, mpaka pansi pake panali chinyontho ndi nkhungu yoyera. Nditafukula kanyezi kamodzi kuti ndione, kanaphwanyika m'manja mwanga ngati phwetekere woola. Ndinayesa kumweta udzuwo ndi chikwakwa, koma sizinathandize. Totsala tinali tochepa, tosadzaza dzanja, ndipo ndinaona kuti dzinja lina limodzi likhoza kutimaliza. Kwina kokatenga tina sindinkakudziwa.

Chaka chatha, chilimwe

Kumapeto kwa Seputembala ndinamva kuti a Mvula atisiya, ndipo ndinapita ku maliro kwawo ku mapiri a Ntchisi. Popita ku manda tinadutsa kanjira kamene mbali imodzi anyamata anali atatentha udzu masiku apitawo. Ndikuyenda pambuyo pa bokosi, nyimbo ili pakamwa, ndinaona kadontho kofiira paphulusa. Kanali kaduwa konga kathu kaja, kamodzi kokha. Ndinatuluka mumzere n'kugwada ngati ndikumanga chingwe cha nsapato. Mbali ina ya njirayo sinapse, koma mbuzi zinali zitadya udzu wonse mpaka nthaka kuonekera, ndipo panalibe duwa. Zaka zonsezi ine ndi amayi anu tinkaganiza kuti maluwa aja tinawaona pa lupsa chifukwa udzu wowabisa unali utachoka. Sitinaganizepo kuti moto ndi umene umawadzutsa. Tinali titawateteza ku moto kuyambira tsiku limene tinawafukula.

M'minibasi pobwerera ndinkangoona kanungu uja. Kuti tianyezi tikhale ndi moyo ndinayenera kutentha nyumba ya zonse zimene zinabwera kudzakhala kwa ine chifukwa sindinkatentha. Ndinakhala nazo masiku angapo. Ndinkapemphera, koma sindinkadziwa chopempha, ndiye ndinkangotchula zinthuzo mayina pamaso pa Mulungu: achule, abuluzi, tianyezi, a Nambewe. Mitambo inali itayamba kusonkhana masana kumadzulo, ndipo mvula ikanagwa mwayi ukanatha. Pamapeto ndinaganiza zotentha theka lokha, kumene kuli tianyezi, theka linalo likhale kothawira.

Ndinapita kukawauza a Makwinja. Anali akukonza keni yothirira nazale yawo ya fodya, ndipo anaiika pansi pang'onopang'ono.

"Mubwerezenso. Khutu ili linawonongeka ndi mankhwala a pa esiteti."

"Ndikufuna kuyatsa moto kuseri kwanga."

"Inu? Amene munathamangitsa adzukulu anga chifukwa cha kamoto kootchera mbewa? Mwezi uno, mphepo ili chonchi, chigafa changa chili apo? A Chisale, mukafuna kundisamutsa mungonena, ndili ndi kwathu."

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa beseni. Sanandidule mawu, chimene sichichitikachitika. Nditamaliza anati, "Ndiye chigafa changa chipse chifukwa cha anyezi wosadyedwa."

"Sichipsa. Ntchito imeneyi ndaigwira moyo wanga wonse."

"Munkagwira yozimitsa. Yoyatsa munaiphunzira kuti?"

Ndinatsanzika n'kunyamuka. Anatola keni yawo n'kuyamba kuigogoda. Nditafika pa malire anandiitana. "Mukayatsa ndili kudimba ndidzakusumirani. Mundidikire. Ndikufuna ndidzaone ndi maso anga a Forositi akugwira machesi."

Tinalambula njira yotakata kuzungulira theka lija, mpaka dothi lofiira kuonekera, ndipo mbali ya chigafa tinaikuza kawiri. Tinadzaza migolo ndi madzi, tinadula nthambi zaziwisi. Tsiku lake tinayamba m'mawa mphepo isanadzuke. Ndisanayatse ndinalowa m'udzumo ndi ndodo, ndikuyenda pang'onopang'ono, kugogoda pansi ndi kuvundukula masamba, kuti chilichonse chithawire ku theka linalo. Ziwala zinauluka, abuluzi anathamanga. Kanungu ndinamupeza pamalo pake, ndinamunyamula m'dengu. Bilimankhwe anali pa tsekera, ndipo nditamukweza pa kamtengo ndinawapatsa a Makwinja kuti andigwirire.

"Ayi, ayi, ayi! Ameneyo ndi m'bale wanu, munyamule nokha. Ine ndinabwerera moto."

Kenaka panalibenso china chochita. Ndinagwada kumphepete, kumene moto ukanayenda molimbana ndi kamphepo, ndipo machesi oyamba anathyoka, achiwiri anazima. Achitatu anagwira.

Unayamba ngati munthu akunong'ona. Unadya udzu wa m'mphepete, unaima, kenaka unapeza mulu wa zaka zonse zija n'kuimirira kupitirira mutu wanga. Miyendo yanga inafuna kuthamangira nthambi. Ndinaigwira ndi mtima. Utsi unakwera woongoka pakati pa misuku, dzuwa linasanduka lofiira ngati la madzulo, ndipo anthengu anafika kuchokera kumene sindikudziwa, n'kumadumphira m'utsimo kugwira ziwala. Kwa kanthawi sindinali ku Chisepo. Ndinali mnyamata wa jombo zazikulu, ndipo ndinkayembekeza kuti wina atulukira kuseri kwa utsi atasenza thobwa. Lawi limodzi linadumpha njira kulunjika ku chigafa, ndipo a Makwinja analipha ndi nthambi akutukwana m'chilomwe. Posakhalitsa zonse zinatha. Panatsala phulusa ndi timitsi ta utsi.

Tikuyendera malowo kuzimitsa zitsa, ndinapeza kamba wamng'ono, wosaposa chikhatho changa, atapsa pansi pa muzu wa mpoza. Sindinkadziwa n'komwe kuti ndili ndi kamba. Anabwera liti, anadzera kuti, anakhala nane zaka zingati, sindidzadziwa. Ndodo yanga inamudutsa. Ndinamukwirira pomwepo, ndipo tsiku limenelo sindinadye. Ndikulemba izi kuti mudziwe kuti mtengo wake unalipo, ndipo sindinaulipire ine.

Masiku anatsatana. M'mawa uliwonse ndinkapita kukayang'ana, n'kupeza phulusa lokha ndi mapazi a mbalame. Sabata inatha. Ndinayamba kuganiza kuti ndinachedwa, kapena kuti moto unali waukulu kwambiri n'kuphika ndi tianyezi tomwe, ndipo kamba uja anafera chabe. A Makwinja anasiya kundiseka, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa china chilichonse.

M'mawa wina, sabata yachiwiri ili mkati, ndinaona timitu tiwiri tobiriwira titaboola phulusa. Sindinauze munthu. Tinakula mofulumira, moti ukapita masana unkapeza tasintha. Tsiku limene maluwa anatsegula, ndinapita pa malire n'kuwaitana a Makwinja. Anabwera ndi keni m'manja, ali paulendo wa kudimba. Anaima, anayang'ana uku ndi uku pa bwalo lakudalo, kenaka anaona. Timitengo tiwiri, tosafika pa bondo, tili ndi timalipenga tofiira toweramira pansi, tikugwedezeka pang'ono ngakhale kunalibe mphepo yoti munthu n'kuimva.

"Basi timeneti?" anafunsa.

"Basi timeneti."

"Zaka zonsezi? Malole onse aja?"

"Eya."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anatembenuza keni yawo n'kukhalapo, ine ndinakhala pamwala. Dzuwa linakwera, nyenje zinayamba, kambalame kena kakang'ono ka mlomo wopindika kanafika n'kulowetsa mlomo m'duwa limodzi, kenaka m'linzake, n'kupita. Ndinawakumbutsa kuti fodya wawo akuuma ku nazale.

"Adikire," anatero a Makwinja. "Ameneyo ndimamuona chaka chilichonse."